THUMBA LA NDULU LIKACHOKA

Nkhani ya zaumoyo yokambidwa pa wailesi, makamaka kwa omvera a m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi a m'maboma ena onse

Palibe mwana wa kunyanja amene saidziwa ndulu. Kuyambira ku Chipoka mpaka ku Senga Bay ndi ku Chikombe, aliyense amene adatumbulapo chambo adaphunzitsidwa kusamala kathumba kobiriwira kamene kamakhala pafupi ndi chiwindi, pakuti kakaphulika nsomba yonse imawawa, ndipo ndiwo za tsiku limenelo zimakhala zawonongeka. Munthu nayenso ali nako kathumba kotere, ku dzanja lamanja, kunsi kwa nthiti. Kakadwala, madokotala amakachotsa pa opaleshoni, ndipo anthu ambiri amachira bwinobwino nabwerera ku ntchito zawo osakumbukanso kuti m'thupi mwawo mudachoka kanthu.

Koma alipo ena amene bala likapola mavuto satha. M'mimba mumatsekuka kawirikawiri, makamaka akangomaliza kudya. Mimba imafufuma, mpweya umachuluka, ndipo chakudya cha mafuta chimene kale ankachikonda chimasanduka mdani. Anthu otere amavutika mwakachetechete, chifukwa nkhani ya kuchimbudzi siyikambidwa pagulu. Msodzi amene ayenera kuchezera pa nyanja usiku wonse amayamba kuopa kukwera bwato. Mayi wogulitsa nsomba amaopa ulendo wa ku Lilongwe, poganiza za zimene zingamuchitikire m'galimoto yodzaza anthu. Ena amaleka kudya, nayamba kuwonda, ndipo abale amanong'onezana kuti opaleshoni idalakwika, kapena kuti pali munthu amene akuchita zimenezi. Nkhani ya lero ndi ya anthu amenewa ndi abale awo.

Ntchito ya ndulu

Choyamba chofunika kumvetsa ndi chakuti m'Chichewa mawu akuti ndulu amatchula zinthu ziwiri: madzi owawa aja, ndi thumba limene amasungidwamo. Dokotala akanena kuti wachotsa ndulu, chimene wachotsa ndi thumba lokha. Madziwo sapangidwa m'thumbamo ayi. Amapangidwa ndi chiwindi, usana ndi usiku, ndipo pa tsiku limodzi chiwindi cha munthu wamkulu chimatulutsa mamililita 400 mpaka 800. Thumba lija ndi laling'ono, losunga mamililita 50 okha kapena kucheperapo, ngati masupuni aakulu atatu. Ntchito yake ndi kusunga ndulu pamene munthu sakudya, kuichotsa madzi kuti ikhale yamphamvu, ndi kuifinyira m'matumbo pa nthawi imene chakudya cha mafuta chafika.

Ndulu imachita m'matumbo zimene sopo amachita m'mbale ya mafuta. Mafuta ndi madzi sizisakanikirana, koma ndulu imaphwanya mafutawo kukhala timadontho ting'onoting'ono timene thupi lingathe kugaya ndi kuyamwa. Ikamaliza ntchito yake siitayidwa yonse. Kumapeto kwa matumbo aang'ono thupi limayamwanso pafupifupi magawo 95 mwa magawo 100 alionse a mchere wa m'ndulu, ndi kuubweza ku chiwindi kuti ukagwirenso ntchito, ndipo zimenezi zimachitika kangapo pa tsiku.

Thumba likachoka, chiwindi chimapitiriza ntchito yake monga kale, koma posungira palibe. Alimi a mpunga a ku Lifuwu adziwa kusiyana kwa madzi amene ali ndi chotsekera, amene mlimi amawatsekulira pa nthawi imene munda ukuwafuna, ndi madzi ongoyenda m'ngalande osaima. Ndulu ya munthu wochitidwa opaleshoni ili ngati madzi achiwiriwa. Imadontha m'matumbo pang'onopang'ono nthawi zonse, kaya muli chakudya kaya mulibe. Motero munthu akadya mafuta ambiri nthawi imodzi, ndulu imene ilipo pa nthawiyo imachepa, ndipo mafuta ena amadutsa osagayika. Komanso kwa anthu ena mchere wa m'ndulu umafika wochuluka m'matumbo aakulu, m'mene umakoka madzi ndi kufulumizitsa matumbo. Apa ndi pamene pamachokera kutsekula m'mimba kwa madzimadzi, kwadzidzidzi, kumene kaŵirikaŵiri kumabwera m'mawa kapena munthu akangodya.

Kukhala wopanda thumba la ndulu si chinthu chachilendo m'chilengedwe. Njovu za m'nkhalango ya Thuma zilibe thumba limeneli. Mbidzi, abulu ndi akavalo nawonso alibe. Nyama zimenezi zimadya pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo chakudya chake chilibe mafuta ambiri. M'menemo muli phunziro kwa munthu amene thumba lake lidachotsedwa.

Chifukwa chochotsera thumbali

Kawirikawiri thumbali limachotsedwa chifukwa cha timiyala timene timaumbika m'kati mwake. Timiyala tambiri timachokera ku mafuta otchedwa kolesterolo, ndipo timapezeka kwambiri mwa amayi, mwa anthu opitirira zaka 40, mwa amene adabereka kangapo, ndi mwa anthu onenepa. Tina timachokera ku magazi amene amaphwanyika msanga, monga zimachitikira kwa odwala matenda a sickle cell, ndipo amenewa angakhale ndi timiyala akadali achinyamata. Kamwala kakatseka khomo la thumba, munthu amamva kupweteka kwakukulu ku dzanja lamanja kunsi kwa nthiti, kumene nthawi zina kumafika kumsana kapena paphewa.

Opaleshoni imeneyi si yatsopano. Woyamba kuichita adali Carl Langenbuch, dokotala wa ku Berlin, m'chaka cha 1882. Mu 1985 dokotala wina wa ku Germany komweko, Erich Mühe, adachotsa thumbali kudzera pa timabowo ting'onoting'ono m'malo mong'amba mimba, ndipo njira imeneyi idafala m'maiko ambiri. Mavuto otsalira pambuyo pa opaleshoni nawonso adadziwika kalekale, kotero kuti mu 1947 madokotala awiri a ku America, Womack ndi Crider, adawalemba ngati vuto lapadera. Mabuku a zachipatala amasiyana pa chiwerengero, koma ambiri amasonyeza kuti mwa anthu 10 ochitidwa opaleshoniyi, mmodzi kapena awiri amavutika ndi kutsekula m'mimba. Ambiri mwa iwo amapeza bwino pakapita masabata kapena miyezi yowerengeka, pamene thupi lazolowera. Owerengeka amakhala nalo vutoli zaka. Choncho wodwala wa ku Maganga kapena ku Khombedza asaganize kuti zimene zikumuchitikira n'zakezake. Zimachitikanso ku London ndi ku Johannesburg, ndipo chifukwa chake n'chodziwika.

Mantha a ndulu

Pali chinthu china chimene chimawonjezera nkhawa kwa anthu a kunyanja. Kuyambira kale anthu amakhulupirira kuti ndulu ya ng'ona ndi chiphe choopsa, ndipo dzina lenilenilo la ndulu limabweretsa mantha. Munthu akamva kuti ndulu yake tsopano ikungoyenda m'matumbo yopanda posungira, angaganize kuti ikumupha pang'onopang'ono. Zimenezi si zoona. Ndulu ya munthu idalengedwa kuti izipita m'matumbo, ndipo ndi imene imapatsa chimbudzi mtundu wake wa masiku onse.

Ngakhale za ng'onazo zidafufuzidwa. M'zaka za m'ma 1980 katswiri wa mankhwala wa pa yunivesite ya Zimbabwe, Norman Nyazema, adayesa ndulu ya ng'ona napeza kuti si chiphe monga anthu amanenera. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 adamwalira atamwa mowa wa masese pa maliro, ndipo mbiri idamveka ponseponse kuti munthu wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Atapima bwino, akatswiri adapeza kuti chiphecho chidachokera ku tizilombo timene tidamera mu ufa wowonongeka umene adafululira mowawo. Phunziro lake ndi lakuti m'mimba mukavuta, ndi bwino kufufuza chifukwa chenicheni asanaloze munthu chala, pakuti kuloza mnansi kumapasula mudzi, matenda ali pomwepo.

Kadyedwe koyenera

Mankhwala oyamba ali m'khitchini. Popeza ndulu tsopano imabwera pang'onopang'ono, chakudya nachonso chiyenera kubwera pang'onopang'ono. Chizolowezi cha ambiri ndi kugwira ntchito ndi njala kuyambira m'mamawa, kenaka n'kudya nsima yambiri nthawi imodzi masana kapena madzulo. Kwa munthu wopanda thumba la ndulu kadyedwe kotere ndi kovutitsa. Ndi bwino kugawa chakudya chomwecho kanayi kapena kasanu pa tsiku: phala m'mawa, nthochi kapena mbatata yophika dzuwa litakwera, nsima yochepa masana, kanthu kena chakumadzulo, ndi nsima yochepanso usiku, nthawi yogona isanayandikire. Sikuti afunika chakudya chochuluka kuposa kale ayi, koma kuti chomwecho chigawidwe.

Chachiwiri ndi mafuta. Anthu a kunyanja ali ndi mwayi, chifukwa nsomba ndi ndiwo yabwino kwa munthu wotere, malinga ndi kaphikidwe kake. Chambo chophika ndi tomato ndi anyezi, chowotcha pa makala kapena chowamba sichivuta ambiri. Usipa wofutsa ndi utaka wouma ndi wabwino kuposa usipa wokazinga m'mafuta umene wafala m'madoko ndi m'misika masiku ano. Kampango, bombe ndi mpasa zili ndi mafuta ambiri mwachibadwa, choncho ndi bwino kuyamba ndi kachidutswa kakang'ono n'kuona m'mene m'mimba muchitire. Zimene zimavutitsa kwambiri ndi za pa chiwaya: tchipisi, nyama ya nkhumba kapena ya mbuzi yokazinga, mandasi ndi zitumbuwa. Khungu la nkhuku, majarini wambiri ndi mkaka wa mafuta nazonso zimatsekula m'mimba mwa ena. Nsinjiro ndi mapeyala ndi zakudya zabwino, komatu nazo zili ndi mafuta, kotero kuti nkhwani wotendera ayenera kuchepetsedwa nsinjiro masiku oyamba.

Apa pafunika chenjezo. Kuchepetsa mafuta sindiko kuwasiyiratu. Thupi limafuna mafuta pang'ono kuti liyamwe mavitamini A, D, E ndi K, amene amathandiza maso, mafupa ndi kuundana kwa magazi pa bala. Munthu amene chifukwa cha mantha amangomwa phala lamadzi miyezi yathunthu amafooka, ndipo kufooka kwakeko kumayesedwa matenda atsopano. Kasupuni kakang'ono ka mafuta m'ndiwo sikalakwa. Cholakwika ndi mafuta oyandama pamwamba pa msuzi.

Chachitatu ndi zakudya zimene zimalimbitsa chimbudzi mwa kumwa madzi ndi kugwira ndulu m'matumbo. Therere, nthochi, mbatata, maungu, mpunga ndi malambe, amene ali ambiri m'boma la Salima, zili m'gulu limeneli. Nyemba, khobwe, nandolo ndi nsima ya mgaiwa nazonso ndi zothandiza, koma ziyenera kuwonjezedwa pang'onopang'ono pa masabata angapo, chifukwa zikachuluka mwadzidzidzi zimadzaza mpweya m'mimba. Tiyi wamphamvu, khofi, zakumwa za shuga wambiri, tsabola ndi mowa zimafulumizitsa matumbo. Kachasu ndiye woipiratu, pakuti amapweteka chiwindi chimene tsopano chikugwira ntchito chopanda mthandizi.

Matupi amasiyana. Chimene chimavutitsa uyu sichivutitsa uyo. Njira yabwino yodziwira ndi kulemba m'kope kwa masabata awiri kapena atatu: chimene wadya, nthawi yake, ndi zimene zatsatira. Amene sadziwa kulemba angathandizidwe ndi mwana wa sukulu. Kope lotere limaulula mdani weniweni, ndipo limamasula zakudya zina zimene munthu amazisala popanda chifukwa. Limathandizanso dokotala kwambiri kuposa mawu akuti m'mimba simuli bwino.

Pa ntchito, pa ulendo ndi pa mwambo

Msodzi wa usipa amanyamuka madzulo nabwera m'mawa. Ngati m'mimba mwake mumatsekuka akangodya, ndi nzeru kudya chakudya chachikulu maola awiri kapena atatu asanakankhe bwato, kuti zochitika zichitikire kumtunda kumene kuli chimbudzi, ndi kutenga kamba wopepuka monga mbatata kapena nthochi. Mayi wa geni amene ali pa ulendo wa makilomita pafupifupi 100 wa ku Lilongwe angachite chimodzimodzi, napewa zokazinga za pa siteji. Zimenezi zimateteza ulemu wa munthu, ndiponso zimateteza nyanja, pakuti chimbudzi cha m'madzi ndi cha pa mchenga ndicho chimafalitsa kolera ndi likodzo.

Za kukoka khoka ndi kusenza madengu olemera, wochitidwa opaleshoni yong'amba mimba ayenera kudikira masabata 6 mpaka 8, kapena monga dokotala wanenera. Kufulumira kumatsekula mnofu wa pansi pa bala, ndipo pamatuluka chotupa chofuna opaleshoni ina.

M'mbali mwa nyanja ku Salima muli Asilamu ambiri. M'mwezi wa Ramadani munthu amakhala tsiku lonse osadya, ndipo dzuwa likalowa pamakhala chakudya chambiri, china chokazinga. Wopanda thumba la ndulu amasule kusala kwake ndi madzi ndi chakudya chopepuka, adikire pang'ono, kenaka adye zotsalazo mosafulumira. Chipembedzo chimalola wodwala kusala masiku ena akachira, motero amene wangochitidwa kumene opaleshoni, kapena amene akutsekula m'mimba kwambiri, akambirane ndi dokotala ndi shehe wake.

Pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa sadaka pamakhala nyama yonona, ndipo mwambo umati mlendo sakana chakudya. Apa abale ndiwo ayenera kuthandiza. Mayi wa pakhomo angapatule ndiwo za wodwala asanathire mafuta, ndipo palibe chifukwa chophikira miphika iwiri. Wodwala akadya pang'ono nasamba m'manja, eni phwando asamuyese wonyada kapena wokayikira chakudya chawo.

Thandizo la kuchipatala

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati kutsekula m'mimba kwapitirira mwezi umodzi ngakhale munthu wasintha kadyedwe, kapena ngati kukumudzutsa usiku, kapena thupi likutsika, nthawi yakwana yobwerera kuchipatala. Ayambire pa chipatala chaching'ono cha kwawo kapena pa chipatala cha boma ku Salima, kumene angamutumize ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ngati pafunika kutero. Asaiwale buku lake la kuchipatala, pakuti m'menemo ndi m'mene mudalembedwa za opaleshoni, ndipo afotokoze zonse mosabisa: kangati pa tsiku, mtundu wake, ngati chimbudzi chikuyandama kapena kuoneka cha mafuta. Dokotala ndi namwino adamva zotere kambirimbiri. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Mankhwala alipo. Pali ufa wotchedwa cholestyramine umene amasungunula m'madzi, ndipo ntchito yake ndi kumanga mchere wa m'ndulu m'matumbo kuti usakoke madzi. Kwa anthu amene vuto lawo ndi ndulu, ufa umenewu umasintha zinthu m'masiku owerengeka. Supezeka paliponse, choncho ndi dokotala amene angalangize za kopezeka kwake ndi muyeso wake. Uli ndi lamulo limodzi lofunika kwambiri: umamanganso mankhwala ena, kotero kuti amene amamwa ma ARV, mapiritsi olera, mankhwala a mtima kapena a khunyu ayenera kumwa amenewo ola limodzi asanamwe ufawo, kapena patapita maola 4 mpaka 6. Palinso mapiritsi a loperamide amene amachedwetsa matumbo, ndipo amathandiza pa ulendo, koma sayenera kumwedwa ngati m'chimbudzi muli magazi kapena thupi latentha.

Pamene m'mimba mwatsekuka kwambiri, chiopsezo chachikulu ndi kutha madzi m'thupi, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Thanzi ORS ndiye mankhwala ake. Ngati palibe, munthu angasungunule masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Chimene chiyenera kupewedwa ndi kugula mankhwala m'magolosale mwachisawawa. Bakitirimu ndi flajilo sizichiza kutsekula m'mimba kochokera ku ndulu, ndipo kuzimwa kawirikawiri kumawononga tizilombo tabwino ta m'matumbo. Bufeni, indosidi ndi asipirini zimakanda chifu ndipo zingayambitse zilonda.

Si zonse zochokera ku opaleshoni

Pali msampha umene odwala ndi abale amagwamo. Munthu akachitidwa opaleshoni, vuto lililonse la m'mimba limene lingabwere pambuyo pake amalikankhira ku opaleshoniyo. Koma wopanda thumba la ndulu amamwa madzi omwewo ndi kusamba m'nyanja yomweyo monga anzake, ndipo angadwale matenda alionse amene iwo amadwala. Kamwazi, njoka za m'mimba ndi tizilombo ta m'madzi osatetezedwa zimatsekula m'mimba. Likodzo lili mitundu iwiri: la m'chikhodzodzo limene ambiri amalidziwa, ndi la m'matumbo limene limabweretsa kupweteka m'mimba, magazi m'chimbudzi, ndipo likakhalitsa limawononga chiwindi. Nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo zidapezeka m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi mu 2017, ndipo mankhwala a mitundu yonse iwiri ndi praziquantel. Kuyeza chimbudzi ndi mkodzo ndiko kumasiyanitsa zimenezi.

Chilungulira ndi kupweteka kwa pamwamba pa mchombo nthawi zambiri zimachokera ku zilonda za m'mimba. Mu 1982 madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, adapeza kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kamene kamayambitsa zilonda zambiri zotere, ndipo adalandira mphotho ya Nobel mu 2005. Kachilomboka ndi kofala kwambiri mu Africa, ndipo kamachizika. Anthu ena adali ndi zilonda zimenezi asanachitidwe opaleshoni, motero thumba lidachoka koma kupweteka kudatsala. Mankhwala ena, monga metformin wa matenda a shuga, nawonso amatsekula m'mimba. Ndipo munthu amene akuwonda, kutentha thupi usiku ndi kutsekula m'mimba kosatha ayenera kuyezetsa HIV ndi chifuwa chachikulu, chimene chimagwiranso m'mimba.

Kolera ndiye sayenera kusokonezedwa ndi china chilichonse. Mliri wa 2022 ndi 2023 udali woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko la Malawi: anthu oposa 1,700 adamwalira, ndipo maboma a kunyanja, kuphatikizapo Salima, adakhudzidwa kwambiri. Chimbudzi chochuluka chooneka ngati madzi otsukira mpunga, pamodzi ndi kusanza, si cha opaleshoni ayi. Munthu wotere amwe ORS ali m'njira yopita kuchipatala, pakuti kolera amapha m'maola ochepa.

Zizindikiro zosadikira kucha

Pali zizindikiro zina zimene zimasonyeza kuti njira ya ndulu yatsekeka. Nthawi zina kamwala kamatsalira m'kanjira kochokera ku chiwindi kupita m'matumbo, kapena kamaumbika katsopano patapita zaka, kapena kanjirako kamaning'a chifukwa cha chipsera. Zikatero ndulu imabwerera m'magazi. Maso amasanduka achikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chimayera ngati dothi la makande otuwa, ndipo khungu limayabwa. Ngati pa zimenezi pawonjezeka kutentha thupi ndi kunjenjemera, ndiye kuti m'njira ya ndulu mwalowa tizilombo, ndipo moyo uli pa ngozi. Kunyanja kuno kutentha thupi kulikonse kumayesedwa malungo, ndipo chikasu ambiri amathamangira nacho ku zitsamba. Kwa munthu amene adachotsedwa thumba la ndulu, chikasu ndi kutentha thupi ndi ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Akafika anene msanga za opaleshoni yake, kuti pamene akumuyeza malungo amuunikenso m'mimba ndi kuyeza magazi a chiwindi. Kamwala kotsalira kamachotsedwa, ndipo munthu amachira, ngati wafika nthawi yabwino.

Zina zosadikira ndi izi: kupweteka kwakukulu kosaleka kumene kumafika kumsana, kusanza kosalekeza, kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula, mimba yotupa ndi yolimba m'masiku oyamba atatuluka m'chipatala, ndi bala lofiira lotuluka mafinya.

Mawu otsiriza

Choncho mavuto a m'mimba a munthu wochotsedwa thumba la ndulu ali m'magulu atatu, ndipo nzeru yagona pa kuwasiyanitsa. Alipo amene amatha ndi kadyedwe: kudya pang'ono kangapo pa tsiku, kuchepetsa mafuta, kuwonjezera therere, nthochi ndi mbatata. Alipo amene amafuna kuyezedwa ndi kulandira mankhwala, kaya a ndulu, kaya a likodzo, kaya a zilonda. Ndipo alipo amene amafuna galimoto kapena njinga nthawi yomweyo. Wodwala amene adziwa magulu atatuwa sakhalanso mwamantha, pakuti amadziwa chimene angachite yekha pakhomo ndi chimene ayenera kupita nacho kwa dokotala.

Kwa amuna awo a amayi odwala, kwa akazi awo a abambo odwala, kwa ana ndi apongozi, pempho ndi lakuti amvetse. Munthu amene amadzuka pa mphasa nsima isanathe, kapena amene amakana ulendo wa ku maliro a kutali, si waulesi ndipo si wamwano. Chimbudzi chabwino pafupi ndi nyumba, madzi otetezedwa, ndiwo zopatulidwa mafuta asanathiridwe, ndi mnzake womuperekeza kuchipatala, ndi zinthu zazing'ono zimene banja lililonse lingathe. Alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi anamwino a m'zipatala zazing'ono ali okonzeka kumva mafunso a omvera, ndipo amene wamva nkhaniyi akaifotokozere mnzake amene analibe wailesi.